Ulumali, Mtukula Pakhomo ndi malamulo: mafunso amene anthu a ku Mulanje amandifunsa

Sindine loya. Ndine munthu wodziwa kulemba kalata, ndipo kwa zaka zingapo anthu a m'midzi ya chakuno ku Chisitu ndi Nkando akhala akundipeza pakhonde kuti ndiwalembere madandaulo. Ambiri mwa iwo ndi makolo a ana aulumali, ena ndi eni ake aulumaliwo. Mafunso awo amafanana, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho amene ndimawapatsa.

Kodi boma limapereka ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa munthu chifukwa choti ndi wolumala?

Ayi. Amene anakhalako ku Joni amadziwa kuti kumeneko munthu waulumali amalandira ndalama yakeyake kudzera ku bungwe la boma la SASSA, ndiye akabwerera kumudzi amadabwa kuti kuno zinasowera pati. Kuno ndalama yotereyi kulibe. Chimene chilipo ndi Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama ku mabanja, imene inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo. Pulogalamuyi imayang'ana khomo lonse, osati munthu mmodzi, ndipo inakonzedwa kuti ifikire mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa.

Kalembera wa anthu onse a m'dziko lino wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Ndimanena zimenezi poyambirira kuti munthu asawononge ndalama ya kabaza kukamenyera chinthu chimene kulibe, pamene chimene angamenyere n'kupambana chilipo.

Nanga ulumali umalowa pati posankha mabanja?

Apa ndiye pagona nkhani. Muyezo umene pulogalamuyi yakhala ikugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri uli pawiri. Banja likhale losaukitsitsa, ndiponso likhale loperewera anthu ogwira ntchito. Kuperewera kumeneku amakuwerenga motere: pakhomo palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 amene ali ndi mphamvu zogwira ntchito, kapena alipo koma akusenza anthu opitirira atatu. Ana, okalamba, odwala matenda a mgonagona ndi anthu amene ulumali wawo sukuwalola kugwira ntchito amawerengedwa mbali ya osenzedwa.

Tiwerenge khomo limodzi. Pali mayi wa zaka 40, wamphamvu zake. Ali ndi ana awiri a ku pulayimale, anganga a zaka 70, ndi mnyamata wa zaka 22 amene amagwa khunyu kangapo pa sabata, moti sangamusiye yekha kudimba kapena pafupi ndi moto. Wogwira ntchito ndi mmodzi, osenzedwa ndi anayi. Khomo limeneli lalowa mu muyezo. Koma wolemba kalembera akafika n'kumupeza mnyamatayo atakhala pampando, wooneka bwinobwino, n'kumulemba kuti ndi wamphamvu, ogwira ntchito asanduka awiri ndipo osenzedwa atatu. Khomo lagwa. Umphawi wake sunasinthe, chasintha ndi chizindikiro chimodzi chimene wina wadina pa tabuleti.

Madandaulo ambiri amene ndalemba amachokera pamenepa. Ulumali woonekera, monga wa munthu woyendera ndodo kapena njinga, suphonyeka kawirikawiri. Umene umaphonyeka ndi khunyu, matenda a maganizo, kusamva, ndi vuto la mwana amene thupi likukula koma nzeru zikutsalira. Nthawi zina olakwa ndi ife tomwe. Ndinafikapo pakhomo pena pamene mayi anandiuza kuti ali ndi ana atatu. Tikucheza ndinamva kubuula kuseri kwa nsalu yotchinga chipinda. Munali mtsikana wa zaka pafupifupi 15, atagona pamphasa yoyalidwa bwino, tsitsi lake litalukidwa tsiku lomwelo. Mayiyo ankamukonda mwana wake, izi zinkaoneka. Koma anatopa ndi maso a anthu, ndipo tsiku la kalembera anatseka chitseko. M'kaundula mwanayo munalibe. Chonde, olemba akabwera, aoneni onse a pakhomo, ndipo fotokozani zimene munthuyo sangathe kuchita: kudzisambitsa, kugwira khasu, kuyenda mpaka kumjigo, kutsala yekha.

Kodi amene amasankha maina ndi amfumu?

Mwa dongosolo lake, ayi. Zimene olemba atolera pakhomo zimalowa m'kaundula wamkulu wa boma wotchedwa UBR. Kompyuta imasanja mabanja kuyambira osaukitsitsa, potengera zinthu monga denga la nyumba, ziweto, katundu ndi anthu a pakhomo. Mndandandawo umabwereranso kumudzi kuti uwerengedwe pamsonkhano, anthu atsimikize kapena atsutse, kenaka umavomerezedwa ku boma. M'mudzi muli komiti ya anthu odzipereka, imene ambiri amangoitcha kuti a CSSC, yothandiza pa ntchitoyi. Amfumu amaitanitsa msonkhano ndi kuchitira umboni, koma mndandanda si wawo.

Msonkhano wowerenga maina uja musauphonye. Ngati simungathe kufikako, tumani munthu wolimba mtima wokakuyankhulirani. Kukonza cholakwika tsiku limenelo n'kosavuta kusiyana ndi kuchikonza maina atapita kale.

Tisunge mapepala ati?

Chiphaso cha unzika cha aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndi kabuku ka kuchipatala ka munthu waulumaliyo. Kabukuka n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Mukapita kuchipatala, pemphani adokotala kuti asangolemba dzina la matenda ndi mankhwala, koma alembenso mwachidule zimene wodwalayo sangathe kuchita, ndipo adinde chidindo. Mawu oti "sangagwire ntchito yolemetsa, amafunika womuyang'anira" amamveka kwa aliyense wowerenga dandaulo lanu, pamene dzina la matenda lachingerezi amalimva ndi achipatala okha. Ngati mwana amaphunzira ndi mphunzitsi wa ana aulumali, kalata ya ahedi imathandizanso.

Mabanja ambiri kuno anataya zonsezi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madzi atalowa m'nyumba usiku. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, chiphaso chimakonzedwanso ku ofesi yopereka ziphaso ya NRB pa boma, ndipo kuchipatala kumene munkalandirira mankhwala angakuyambitsireni kabuku kena. Mukapeza, chititsani fotokope ku Chitakale kapena pamsika uliwonse wapafupi, mukulunge m'jumbo. Ku ofesi muzisiya fotokope, chenichenicho muzibwerera nacho.

Dzina lathu silinatuluke, koma tikuona kuti tikuyenera. Tiyambire pati?

Yambirani pafupi, kwa a komiti ya m'mudzi kapena komiti yolandira madandaulo ya m'dera lanu. Auzeni, ndipo onetsetsani kuti alemba m'buku mwawo. Akakuuzani kuti "tamva, tiona", funsani mwaulemu tsiku loti mudzamve yankho. Likadutsa, pitani kwa mlangizi woona za chisamaliro cha anthu wa m'dera lanu, kapena ku ofesi yawo pa boma. Pofika apa dandaulo likhale lolembedwa. Chichewa n'chokwanira, simukusowa Chingerezi. Kalata yake ingakhale yotere:

"Kwa Mkulu woona za chisamaliro cha anthu, Mulanje. Ine (dzina), wa m'mudzi mwa (mudzi), gulupu (dzina), Mfumu Yaikulu (dzina), nambala ya chiphaso (nambala), ndikudandaula kuti banja langa silinalowe mu Mtukula Pakhomo. Pakhomo pathu tilipo anthu asanu. Wogwira ntchito ndine ndekha. Mwana wanga wa zaka 22 amadwala khunyu ndipo sangagwire ntchito, monga mmene kabuku ka kuchipatala kakusonyezera. Ndikukhulupirira kuti analembedwa molakwika ngati wamphamvu. Ndikupempha kuti mutumize munthu adzaone pakhomo pathu, mukonze zolembedwazo, ndipo mundiyankhe polemba kalata yofotokoza zifukwa. Ndinadandaula kale kwa a komiti pa (tsiku)."

Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo, kapena wolandirayo asayinepo, mubwerere nayo. Anthu amachita manyazi kupempha chidindo, amaona ngati akunyoza bwana. Si chipongwe ayi, ndi mmene maofesi amagwirira ntchito. Mawu apakamwa amauluka, ndipo wogwira ntchito amene munayankhula naye akhoza kusamutsidwa mwezi wamawa. Kalata yodinda ija ndi imene aliyense wokuthandizani m'tsogolo adzayambe kuifunsa.

Kalata ikhale yonena zoona zokhazokha. Ngati muli ndi mbuzi ziwiri, musalembe kuti mulibe kanthu. Bodza limodzi likagwidwa limagwetsa dandaulo lonse.

Kodi a ofesi ali ndi udindo wotiuza chifukwa chimene atisiyira?

Inde, ndipo ili ndi lamulo limene ndimafuna munthu aliyense wa m'mudzi atalidziwa pamtima. Gawo 43 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, limati munthu aliyense ayenera kuchitiridwa zinthu ndi maofesi a boma motsata lamulo ndiponso mwachilungamo, ndipo chiganizo chikakhudza ufulu wake kapena zimene amayembekezera moyenerera, apatsidwe zifukwa zolembedwa. Gawo 20 limaletsa tsankho, ndipo ulumali unatchulidwa momveka pa zifukwa zimene munthu sayenera kusalidwa nazo.

Mvetsani bwino. Gawo 43 silikunena kuti aliyense wodandaula alowe mu pulogalamu. Likunena kuti yankho loti "kompyuta ndi imene yakana" si lokwanira. Kompyuta imasanja zimene munthu waipatsa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti pa khomo lanu analemba chiyani. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakuthandizaninso pamenepa. M'kalata mwanu mukhoza kuwonjezera mzere umodzi woti "ndikupempha izi motsatira gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko". Ndaona kalata yokhala ndi mzere umenewu ikuwerengedwa kawiri.

Tapereka kalata, miyezi yadutsa, kuli zii. Kenaka?

Lemberani bwanamkubwa, amene ndi mkulu wa maofesi onse a khonsolo, mumatepo fotokope ya kalata yoyamba ija. Khansala wa dera lanu mumudziwitsenso, chifukwa amakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo. Zikakanika pa boma, pali zitseko zitatu, zonse zaulere, ndipo chilichonse chili ndi nkhani zake.

Ofesi ya Ombudsman inakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko kuti izifufuza pamene munthu wachitiridwa zopanda chilungamo ndi ofesi ya boma: kuchedwetsa dala, kusayankha, kukondera, kuphwanya dongosolo. Ili ndi ofesi ku Blantyre, ndipo simusowa loya. Adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa eni ake, ndiye makalata odinda aja agwira ntchito pamenepa. Nkhani imene ili kale kukhothi saitenga.

Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo a kuphwanyiridwa ufulu, ndipo lili ndi nthambi yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Kumeneko n'koyenera ngati vuto ndi tsankho lenileni, monga kuuzidwa kuti "wamisala sangasunge ndalama" kapena "wachialubino ali ndi mabungwe ake omuthandiza".

Chitseko chachitatu n'chatsopano. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la anthu aulumali, limene linalowa m'malo mwa malamulo a 1971 ndi 2012. Bungwe la boma loona za anthu aulumali limene tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA, ndipo lamuloli linalipatsa mphamvu zolandira ndi kufufuza madandaulo a anthu aulumali. Ogwira ntchito ake amapezeka m'maboma, ndipo ndi omwewo amene mungawafunse za njinga, ndodo ndi maphunziro a ntchito zamanja.

Mwa zitatuzi, pa nkhani ya kusayankhidwa ine ndimayamba ndi Ombudsman. Musatumize nkhani imodzi konsekonse tsiku limodzi, chifukwa aliyense amayamba kudikira mnzake.

Loya ndi wa anthu a ndalama. Ife tingamupeze kuti?

Ku Legal Aid Bureau. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo linayamba ntchito mu 2015, kuti lizipereka uphungu wa zamalamulo ndi maloya kwa anthu amene sangathe kulipira okha. Ambiri amaganiza kuti limangoimira anthu omangidwa, koma limatenganso nkhani za malo, za chuma cha masiye, za ntchito ndi zina zotere. Lili ndi ofesi yaikulu ya chigawo ku Blantyre ndi maofesi ena m'maboma. Kalaliki wa ku bwalo la majisitireti pa boma akulozerani yapafupi.

Mukafika mudzaza fomu. Amayang'ana zinthu ziwiri: kapezedwe kanu, ndiponso ngati nkhaniyo ili ndi mutu. Amene ali ndi kangachepe akhoza kuuzidwa kuti asonkheko pang'ono, koma munthu amene akumenyera kulowa mu Mtukula Pakhomo anene mmene zinthu zilili pakhomo pake mosabisa. Tengani mapepala onse, mutawasanja kuyambira loyamba, ndi pepala limodzi lolembapo masiku: tsiku la kalembera, tsiku la msonkhano, tsiku limene munadandaula. Maloya a kumeneko ndi ochepa ndipo mizere imatalika, choncho munthu wobwera ndi nkhani yosanjidwa kale amathandizika msanga.

Nkhani zambiri zotere sizifuna loya wovala mkanjo. Alangizi a zamalamulo amene si maloya, monga a PASI, a CCJP ku mpingo wa Katolika, ngakhalenso a ofesi ya NICE pa boma, angakuthandizeni kulemba ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda. Chenjerani ndi munthu wokupezani panja pa ofesi n'kunena kuti "ndipatseni yakuti, ndikulowetsani". Kulembetsa, kudandaula ndi kuchita apilo mu pulogalamuyi salipiritsa.

Kodi tingakasume kukhothi?

N'zotheka, koma ndinene mosapsatira kuti si njira imene ndimayamba kuilangiza. Bwalo la majisitireti silingasinthe chiganizo cha ofesi ya boma pa nkhani yotereyi. Mphamvu imeneyo ili ndi Bwalo Lalikulu, ndipo kwa ife kuno ndi ku Blantyre. Bwaloli silikhala pansi n'kuyamba kusankha mabanja. Limaunika mmene chiganizo chinapangidwira: kodi anatsata lamulo, kodi anakumvani, kodi zifukwa zake n'zomveka? Likapeza cholakwika, kawirikawiri limalamula kuti aunikenso, ndipo akhoza kuunikanso n'kukusiyanibe ngati pali mabanja ovutika kuposa lanu.

Chofunika kuchidziwa ndi nthawi. Pempho lotere liyenera kukalowa mwachangu, pasanathe miyezi itatu chiganizo chiperekedwere. Anthu ambiri miyezi itatuyi imawathera akudikira "tiona" uja. Ngati mukuganiza zakhothi, kaonaneni ndi a Legal Aid mwezi woyamba womwewo, uku madandaulo ena akuyenda. Khothi limakhala ndi phindu lenileni pamene vuto lakhudza anthu ambiri mofanana, mwachitsanzo mudzi wonse wadumphidwa, kapena anthu onse osamva a m'dera sanauzidwe za kalembera.

Mayi anga sayenda, ndiye amawalandirira ndi achimwene. Ndalama sizifika. Titani?

Funso ili limabwera monong'ona, ndipo limandipweteka kuposa onse. Pulogalamu imalola banja kulembetsa munthu wina wolandirira ngati mwini wake sangathe kufika polandirira. Wolandirirayo ndi mtumiki chabe, ndalama si yake. Kumene ndalama ikubwera pa foni kapena pa khadi ya kubanki, vutoli labisala kwambiri, chifukwa wogwira foni ndi nambala yachinsinsi ndi amene amadziwa tsiku limene yalowa.

Ndikukumbukira anganga ena osaona a kufupi ndi Limbuli. Mdzukulu ankawabweretsera sopo mmodzi, paketi ya shuga ndi kabotolo ka mafuta, n'kuwauza kuti boma lachepetsa. Iwo ankasisita paketi ya shugayo n'kuthokoza. Zinadziwika pamene mnzawo wa kutchalitchi, wa banja laling'ono ngati lawo, anatchula ndalama imene iye amalandira.

Yambani ndi mwinimbumba, amalume akhale pansi ndi onse, chifukwa mawa wodwalayo adzafunabe womutengera kuchipatala, ndipo nthawi zambiri ndi yemweyo. Ngati wolandirira amawononga ndalama ya kabaza, mugwirizane poyera kuti ndi zingati. Zikapitirira, mwini dzina ali ndi ufulu wosintha womulandirira. Auze a komiti kapena mlangizi, ndipo ngati sangathe kuyenda, apemphe kuti amupeze pakhomo, ayankhule yekha popanda wolandirirayo pafupi. Nambala yachinsinsi isinthidwe tsiku lomwelo. Kutenga ndalama ya munthu mwachinyengo ndi kuba ngakhale wotengayo akhale mwana wobereka yekha, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support imene imamva nkhani za m'banja zotere mwachinsinsi.

Amfumu kapena a komiti akuti tizigawana ndi mudzi, kapena tiziwapatsako "ya sopo". N'zololedwa?

Ayi. Kugawana mwa kufuna kwanu ndi chikhalidwe chathu, palibe angakuletseni kupatsa mnansi mbale ya ufa. Koma kudula ndalama mokakamiza, kapena kuopseza kuti "tikufufutani", n'kulakwa. Mfumu kapena wa komiti alibe mphamvu yofufuta dzina payekha. Nenani kwa mlangizi kapena ku ofesi ya bwanamkubwa. Ngati wopempha chiphuphu ndi wogwira ntchito m'boma, nkhaniyo ndi ya bungwe la ACB, lolimbana ndi katangale.

Pali china chimene amayi sachitchula msanga. Munthu akakuuzani kuti dzina lanu kapena la mwana wanu lilowa mukagona naye, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo wolakwa ndi iyeyo, osati inu. Atsikana osamva ndi a vuto la nzeru ndi amene amachitidwa chipongwe chotere kwambiri, poganiza kuti sakanena. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mupite awiri.

Tinkalandira, koma atisiya. Kapena amene analembedwa dzina wamwalira.

Funsani kaye ngati mwachotsedwa kapena ndalama yangophonyeka. Dzina lolembedwa mosiyana ndi la pa chiphaso, simukhadi yotsekedwa, kapena kusafika tsiku lolandira, zonsezi zimaimitsa ndalama koma zimakonzeka, ndipo muli ndi danga lodandaula kuti yotsalirayo muipeze. Pakapita zaka zingapo pamachitikanso kalembera wina, ndipo mabanja ena amatuluka. Ngati mwatuluka chifukwa mwana waulumali wakwanitsa zaka 19 n'kuyamba kuwerengedwa ngati wamphamvu, limenelo ndi dandaulo lomveka, lembani monga tafotokozera pamwambapa.

Mutu wa banja akamwalira, otsala adziwitse a komiti msanga kuti dzina lisinthidwe, chifukwa thandizo ndi la khomo. Musapitirize kulandira m'dzina la malemu mwakachetechete. Zikadziwika, ana otsalawo ndi amene amavutika.

Ndinalumala nditavulala pa esiteti ya tiyi. Ndidikire Mtukula Pakhomo?

Musadikire. Yanu ndi nkhani ina, ndipo ili ndi mphamvu kuposa ya Mtukula Pakhomo, chifukwa chipepeso cha wovulala pa ntchito sichiyang'ana kuti ndinu wosauka kapena ayi. Lamulo la 2000 la chipepeso cha ogwira ntchito limati munthu akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito yake, wolemba ntchito ali ndi udindo. Kaya ndi makina a m'fakitale amene adula zala, thirakitala yagubuduzika, kapena mtengo wagwera munthu podula nkhuni zoumitsira tiyi, njira ndi imodzi: kapitawo adziwe tsiku lomwelo, ngoziyo ilembedwe, mupite kuchipatala, ndipo nkhani ifike ku ofesi ya leba pa boma. Dokotala ndi amene amayeza kuti thupi lawonongeka motani, ndipo chipepeso amachiwerengera pamenepo pamodzi ndi malipiro anu. Kukhala wa sizoni, wolembedwa nyengo yothyola masamba yokha, sikukuchotserani ufulu wokadandaula.

Lamuloli lili ndi malire a nthawi, choncho musagone nayo nkhani. Musasayine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve, makamaka lonena kuti mwalandira zonse. Pemphani kuti mupite nalo kunyumba wina akakuwerengereni. Ngati ankakudulani ya penshoni, dziwaninso kuti munthu amene dokotala watsimikiza kuti sangagwirenso ntchito amaloledwa kupempha ndalama yake ya penshoni asanafike zaka zopumira. Pa nkhani ziwirizi a Legal Aid angakuthandizeni kwambiri.

Wodandaula samva, kapena saona, kapena sangakwere masitepe a ofesi. Wina angamuimire?

Angamuperekeze, angamulembere, angamumasulire. Koma mwini nkhani akhalepo pamene zingatheke, ndipo wa mu ofesi aziyankhula ndi iyeyo, osati ndi womuperekeza yekha. Kalata yolembedwa ndi wina iwerengedwe mokweza, mwini wake avomere, adinde chala, wolembayo alembe dzina lake pansi ngati mboni. Ofesi ikakhala pamwamba, pemphani kuti bwanayo atsike. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo kufikira ntchito za boma ndi umodzi mwa maufulu a m'panganolo. Za womasulira chinenero cha manja, funsani bungwe la anthu osamva la MANAD. Kwa a ku Thyolo, aphunzitsi a sukulu ya ana osamva ya Mountain View ku Bvumbwe amachidziwa chinenerochi.

Tikadandaula, sitidana ndi amfumu ndi anansi?

Mantha amenewa ndi enieni, sindingawapeputse. M'mudzi timakumana pamaliro, pamjigo, pogawa malo a dimba. Munthu waulumali amadalira anansi kuposa wina aliyense, ndipo amawerengera kawiri asanatsegule pakamwa.

Chimene ndaona chikuthandiza n'kulemba dandaulo lonena za khomo lanu lokha. Musalembe kuti "akutiakuti analowa chonsecho ali ndi nyumba ya malata". Lembani kuti "ife tinalembedwa molakwika, bwerani mudzaone". Mukatero simunachotse nsima pakamwa pa munthu. Amfumu muwadziwitse musanapite pa boma, mwaulemu wake, kuti asamve kwa ena. Ambiri akaona kuti simukuwaneneza amakulemberani okha kalata ya umboni.

China n'kusayenda nokha. Mabungwe a anthu aulumali ali pansi pa FEDOMA, imene inakhazikitsidwa mu 1999: a Malawi Union of the Blind, a APAM a anthu achialubino, a PODCAM a makolo a ana aulumali, ndi ena. Funsani a MACODA kapena mlangizi wa m'dera lanu kuti gulu lapafupi limakumana kuti. Ngati kulibe, mabanja asanu a m'gulupu mmodzi akhoza kuyamba okha. Aliyense alembe kalata yake, musonkherane ya minibasi, awiri apite nazo pa boma Lolemba m'mawa, ndipo abwerere ndi makalata asanu odinda. Mugule kope limodzi la sukulu lolembamo tsiku limene kalata iliyonse inaperekedwa, dzina la udindo wa amene anailandira, ndi tsiku limene anati mudzabwerenso.